Posankha pulofesa wa za kadyedwe, funsani kuti amayeza chiyani

Wowerenga wina watilembera imelo. Watsala pang'ono kumaliza digiri yoyamba ya sayansi ya zakudya ndipo akufuna kupitiriza yachiwiri. Akuti patsamba la yunivesite la pulofesa wina alembapo madigiri atatu, malo omwe anaphunzitsako, kenako mndandanda wautali wa nkhani zomwe amafufuza, kuyambira kuchepa kwa magazi mwa ana mpaka kunenepa kwambiri kwa akuluakulu. Akufunsa kuti angadziwe bwanji chomwe pulofesayo amachitadi, komanso ngati ali woyenera kumuyang'anira pa kafukufuku wake.

Mndandandawo musaukhulupirire kwambiri. Umalembedwa kamodzi n'kukhala zaka osasinthidwa, ndipo amautambasula dala. Chomwe chimasiyanitsa akatswiri a za kadyedwe si mutu womwe atchula ayi, koma chinthu chomwe amayeza ndi mmene amachiyezera. Anthu awiri angalembe onse kuti amafufuza za kuchepa kwa magazi, wina tsiku lake limathera mu labotale, mnzakeyo pakompyuta ndi manambala a anthu zikwizikwi omwe sanawaonepo.

Pa madigiri sitichedwapo. Ambiri amadutsa digiri yoyamba ya zaka zitatu kapena zinayi, yachiwiri ya chaka chimodzi kapena ziwiri, PhD ya zaka zitatu mpaka zisanu kapena kuposera apo, kenako zaka zingapo akufufuza pansi pa katswiri wina asanapatsidwe mpando wawo. Musadabwe mukaona kuti digiri yoyamba si ya zakudya. Ambiri anachokera ku udokotala, ku ulimi, ku sayansi ya mmene thupi limagwirira ntchito kapena ku masamu a ziwerengero. Walter Willett wa ku Harvard, yemwe dzina lake silisowa pa nkhanizi, ndi dokotala, ndipo za kafalikidwe ka matenda anadzaphunzira pambuyo. Dzina loti pulofesa nalonso silifanana kulikonse. Ku America mphunzitsi wongoyamba kumene amatchedwa assistant professor, pomwe m'mayunivesite otsatira dongosolo la ku Britain munthu amayamba ngati lecturer ndipo upulofesa umabwera mochedwa. Choyang'anitsitsa ndi mutu wa PhD yake ndi dipatimenti yomwe anaichitira, chifukwa kumeneko n'komwe anatenga luso lomwe adzakupatseni inuyo.

Gulu lalikulu ndi la omwe amafunsa anthu zomwe adya. Njira ina ndi kumukumbutsa munthu zonse zomwe walowetsa mkamwa m'maola 24 apitawo. Ina ndi kumupatsa pepala la mayina a zakudya kuti anene kuti chilichonse amadya kangati pa sabata kapena pa mwezi. Zimaoneka zophweka, koma apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwera. Anthu amaiwala mafuta ophikira, shuga wothira m'zakumwa ndi zodya zapakatikati. Amachepetsanso kuchuluka kwa zomwe adya, makamaka onenepa, ndipo zimenezi zinatsimikizika pamene akatswiri anayamba kuyeza mphamvu zomwe thupi lagwiritsadi ntchito pomwetsa anthu madzi okhala ndi chizindikiro, njira yomwe inayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu mu 1982. Kufunsa tsiku limodzi kumakwanira kupeza avereji ya gulu, koma sikunganene kadyedwe ka munthu mmodzi. Pamenepo pamafunika kubwereza masiku osatsatizana, ndipo vitamini A amafuna masiku ochuluka kwambiri chifukwa amapezeka wambiri m'zakudya zochepa zomwe munthu sadya tsiku lililonse. Pulofesa wa gulu ili adzafuna kuti mudziwe masamu ndi pulogalamu ngati R kapena Stata. Ngati manambala amakutopetsani, ganizani kawiri.

Kafukufuku wotere amatha kutsatira anthu kwa zaka zambiri. Wa Nurses' Health Study anayamba mu 1976 ndi anamwino oposa 120,000, ndipo mafunso a zakudya anawonjezedwa mu 1980. Vuto lake n'lakuti wodya masamba ambiri nthawi zambiri ndi yemweyo wosasuta fodya komanso wochita masewera olimbitsa thupi, ndiye kulekanitsa chomwe chamuteteza n'kovuta. Phunziro lowawa linachokera ku Finland. Zinkaoneka kuti odya zakudya za beta-carotene wambiri (chinthu chopezeka mu karoti ndi masamba chomwe thupi limasandutsa vitamini A) sadwala khansa ya m'mapapo kawirikawiri, koma atapereka mapiritsi ake pa kafukufuku wa amuna osuta pafupifupi 29,000, zotsatira za mu 1994 zinaonetsa kuti khansayo inakwera ndi 18 peresenti mwa omwe anamwa. Katswiri wabwino amaidziwa nkhani imeneyi, ndipo polemba samathamangira kunena kuti chakudya chakuti chimayambitsa kapena chimaletsa matenda akuti.

Akatswiri ena amasankha kuwapatsa okha anthu chakudya n'kuona chomwe chichitike. Mu 2019 gulu la Kevin Hall ku NIH, bungwe la boma la America lofufuza za zaumoyo, linasunga anthu 20 m'chipatala kwa masabata anayi, masabata awiri akudya zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, awiri enawo zosakonzedwa kwambiri. Pa zam'mafakitalezo ankadya mphamvu zoposera ndi makalori pafupifupi 500 patsiku. Kafukufuku wamtunduwu ndi wolondola koma wodula, ndipo wophunzira wa chaka chimodzi kawirikawiri amangopatsidwa kachigawo kakang'ono.

Mukaona mawu akuti ayironi, zinki, ayodini kapena vitamini A, funsani za labotale ndi firiji musanafunse china chilichonse. Kuyeza hemoglobin, chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi, n'kosavuta, koma kuchepa kwa magazi sikuchokera ku kusowa kwa ayironi kokha, pakuti malungo, njoka zam'mimba ndi matenda akumtundu a magazi amachititsanso. Kuti adziwe ayironi wosungidwa m'thupi amayeza ferritin, koma ferritin amakwera munthu akamadwala, motero mwana wosowa ayironi yemwe ali ndi matenda angaoneke ngati ali bwino. N'chifukwa chake amayezanso CRP ndi AGP, zomwe zimaonetsa kutupa kwa m'thupi, n'kukonza manambalawo. Pepala la ayironi lopanda zimenezi ndi lokayikitsa. Zinki ndiye wovuta kwambiri: amasintha malinga ndi nthawi yomwe magazi atengedwa komanso ngati munthuyo wadya, ndipo amatha kulowa m'magaziwo kuchokera ku zotsekera za labala za machubu wamba, choncho pamafunika machubu apadera. Magaziwo akalekanitsidwa amasungidwa pa -20 kapena -80 digiri, ndipo firiji ikazima kwa nthawi yaitali ntchito ya miyezi imatha kuwonongeka. Mbali iyi si yamasewera. Pachilumba cha Pemba ku Tanzania, komwe malungo anali ochuluka, kupereka ayironi ndi folic acid kwa ana onse kunachulukitsa ogonekedwa m'chipatala, mpaka gawo limenelo la kafukufuku linaimitsidwa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2006.

Omwe amafufuza za kupinimbira ndi kunyentchera amadalira sikelo, thabwa loyezera msinkhu ndi lamba woyezera mkono. Mwana wosakwana zaka ziwiri amayezedwa atagona, wopitirira apo ataimirira, ndipo njira ziwirizi zimasiyana ndi masentimita 0.7. Miyezo imayerekezedwa ndi muyezo wa WHO wa 2006, womwe unachokera kwa ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 ukachepera masentimita 11.5 ndiye kuti wanyentchera kwambiri. Zolakwika zake n'zodziwika: tsiku lobadwa lolakwika limasokoneza chiwerengero cha opinimbira, ndipo oyeza akatopa amayamba kulemba manambala othera ndi 0 kapena 5.

Tsono chitani izi. Lembani dzina la pulofesayo pa Google Scholar kapena PubMed, masamba a pa intaneti ofufuzirapo mapepala a kafukufuku, muone mapepala a zaka zisanu zapitazi okha. Pa sayansi ya zaumoyo, dzina loyamba nthawi zambiri ndi la yemwe anagwira ntchitoyo, lomaliza ndi la woyang'anira. Dzina lokhala pakati pa anthu makumi atatu silikuuzani zambiri. Tengani mapepala atatu omwe iye ali womaliza, muwerenge gawo lofotokoza njira, osati mawu oyamba achidule okha. Mukatero mudziwa ngati ndi wa mafunso, wa magazi kapena wa sikelo. Onaninso ngati mayina oyamba ndi a ophunzira ake, ndipo ngati laibulale ya yunivesiteyo imaika poyera zolemba za omaliza maphunziro, werengani kuti ndi angati omwe anamaliza m'manja mwake.

Kumapeto kwa pepala kumalembedwa yemwe anapereka ndalama. Ndalama za kampani sizitanthauza chinyengo, koma ziyenera kunenedwa. Mu 2016 zinadziwika kuti bungwe la makampani a shuga ku America linalipira akatswiri a ku Harvard omwe mu 1967 analemba nkhani yopeputsa mbali ya shuga pa matenda a mtima, ndipo malipirowo sanatchulidwe m'nkhaniyo.

Pomulembera, musangoti mumakonda za kadyedwe. Tchulani pepala lake limodzi ndi funso lomwe lakubwererani mutaliwerenga. Kenako funsani ngati ali ndi kafukufuku yemwe ali ndi ndalama pakali pano, ngati manambala alipo kale kapena mudzatolera nokha, ngati chilolezo cha komiti yoteteza anthu ofufuzidwa chinatengedwa, komanso kuti amakumana kangati ndi ophunzira ake. Chilolezocho chimatha kutenga miyezi, ndiye ngati maphunziro anu ndi a chaka chimodzi, sankhani ntchito yomwe inavomerezedwa kale.