Chimene chimazimitsa injini ya ndege yaing'ono m'mwamba

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji ndege yaing'ono kuzima injini m'mwamba chifukwa cha mafuta pomwe ili ndi geji ngati galimoto. Geji ilipodi, koma m'ndege zakale imanama kawirikawiri, choncho woyendetsa wodziwa ntchito amadalira kamtengo koyezera mafuta ndi wotchi.

Titenge Cessna 172S, yomwe ambiri amaphunzirira. Mathanki ake awiri ali m'mapiko, ndipo amalowa magaloni 56 a ku America, koma amene injini ingathe kukoka ndi 53 okha, pafupifupi malita 200. Paulendo imamwa magaloni 8 mpaka 10 pa ola. Ndiye musananyamuke mumakwera pa phiko, n'kutsegula chivindikiro, n'kuviika kamtengo ka mizere kaja, ndipo zimene mwapezazo muziwerengetse m'maola. Malamulo a ku America amafuna kuti mukhale ndi mafuta okafikira komwe mukupita kuphatikizapo a mphindi 30 masana, kapena 45 usiku. Amenewo ndi ochepa kwambiri kuno kwathu, kumene mabwalo ogulitsa avgas, petulo wa ndege zotere, ndi owerengeka. Muzisiya a ola lathunthu.

Masamuwo amasokonekera pa zinthu zitatu. Mphepo yochokera kutsogolo ndiyo yoyamba: ndege yothamanga ma knot 110 (knot imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.85 pa ola) ikakumana ndi mphepo ya ma knot 25, ulendo wa maola 3 umatenga pafupifupi 4, injini ikumwabe chimodzimodzi. Yachiwiri ndi kachogwirira kofiira ka mixture, kosinthira kuchuluka kwa mafuta osakanikirana ndi mpweya mu injini. Manambala a m'buku la ndege anawalemba poganiza kuti mukakwera mukakoka pang'ono kuti mafuta achepe molingana ndi mpweya wopepuka wa m'mwamba. Mukakasiya m'kati ulendo wonse, mumawotcha ambiri kuposa mmene munawerengera. Yachitatu ndi miyezo: galoni imodzi ndi malita 3.8, ndiye mukati "thirani 30" mukutanthauza magaloni, wothira n'kumva malita, mwalandira magaloni osakwana 8. Imani pomwepo akamathira, akatha muviikenso kamtengo.

Koma nthawi zina injini imazima mafuta ali m'ndege momwemo, ndipo apa mpomwe pamapweteka. Cessna 172 ili ndi mapiko pamwamba, mafuta amatsika okha, ndipo fuel selector yake, chosankhira thanki yoti injini imwemo, ili ndi BOTH, kutanthauza mathanki onse awiri. Ndege ina yaing'ono, Piper PA-28, mapiko ali pansi, ndipo ili ndi LEFT, RIGHT ndi OFF basi. Mukaiwala kusintha, thanki imodzi imauma, ina ili yodzaza. Ambiri amasintha mphindi 30 zilizonse: kuyatsa pampu yamagetsi, kutembenuza selector mpaka imveke kuti yakhala, kuyang'ana geji ya fuel pressure, yoonetsa mphamvu imene mafuta akukankhidwira, kenako kuzimitsa pampu. Musasinthire pansi kwambiri kapena mukangotsala pang'ono kunyamuka. Ngati thanki inauma kale, injini ingatenge masekondi ofika 10 kuti idzuke mutasintha, chifukwa mapaipi ayambe adzaza kaye. Ena amachita mantha n'kubwezera ku thanki youma ija.

Palinso madzi. Amalowa pa chivindikiro chomwe labala wake anatha, makamaka ndege ikagona panja m'dzinja, kapena amabwera ndi mafuta a m'migolo. Poti ndi olemera kuposa mafuta amakhala pansi, n'chifukwa chake mumakhetsa pang'ono m'kabotolo kooneka m'kati pa malo onse okhetsera, ndipo 172S ili nawo 13. Avgas 100LL ndi wabuluu. Madzi amaoneka ngati timikanda pansi pa kabotolo. Chenjerani ndi kabotolo koyera mbee kopanda buluu, mwina konseko ndi madzi okhaokha, choncho kanunkhizeni. Onaninso ngati sanakuthirireni Jet A-1, mafuta a ndege za jeti: amanunkha palafini, ndipo mukadontheza pa pepala amasiya banga lamafuta losauma. Ameneyo akalowa mu injini ya mapistoni amaiwononga ikangopatsidwa moto wonse ponyamuka. Musaiwale kapaipi kopumira thanki kunsi kwa phiko, mavu amakonda kumatamo dothi, ndipo kakatsekeka mafuta amasiya kutsika.

Ndege za kabureta (chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya), ngati Cessna 172N, zili ndi vuto lina lofanana ndi kutha kwa mafuta. Mpweya ukamadutsa pakhosi pa kabureta umazizira kwambiri moti ayezi amaundana ngakhale tsiku lofunda, bola kukhale chinyezi. RPM, liwiro limene injini ikuzungulira, imatsika pang'onopang'ono, injini n'kuyamba kutsokomola. Kokani carb heat yonse, kachogwirira kolowetsa mpweya wotentha mu kabureta. Iyamba yaipiraipira pamene ikumeza madzi osungunukawo, koma musabwezere, idzakhala bwino.

Injini ikazima ndithu, choyamba n'kutsitsa mphuno ya ndege kuti mugwire liwiro loyandamira patali: ma knot 68 pa 172S, 65 pa 172N. Pa mafiti 1,000 aliwonse amene muli pamwamba pa nthaka muyenda makilomita osakwana 3, ndiye sankhani msanga malo oterapo, mutere moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndipo m'munda wa mizere muzitsata mizereyo, osaipingasa. Mukatero yesani kuidzutsa: selector ku BOTH kapena ku thanki ina, pampu, mixture m'kati, carb heat ngati ilipo, magneto onse (zipangizo zopereka moto ku mapulagi). Ikakana, itanani MAYDAY, mawu opempha thandizo pangozi, pa wailesi kwa amene mukulankhula nawo kale kapena pa 121.5, tchanelo cha ngozi, ndipo transponder, kachipangizo koonetsa ndege pa radar, muike 7700, nambala ya ngozi. Musanagunde pansi tsekani mafuta, kokani mixture yonse, zimitsani magneto, tsitsani ma flap (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zothandiza kutera pang'onopang'ono) kenako zimitsani master switch, swichi yaikulu ya magetsi, ndipo mumasule loko wa chitseko kuti chisakanirire ndege ikapindika.

Ikazima mutangonyamuka, muli pansi pa mafiti ochepa, musayese kubwerera pa bwalo. Kukhota kumeneko kumadya liwiro, phiko limasiya kunyamula, ndege n'kugwa chamutu. Tsitsani mphuno nthawi yomweyo, mutere kutsogolo kwanu, kukhota pang'ono pokha pozemba mitengo ndi nyumba.