Pulesha imene imatayika paipi ikachepa pakati: yankho kwa wophunzira uinjiniya

Mwandilembera kuti muli m'chaka chachiwiri cha uinjiniya, ndipo pa funso la paipi yochepa pakati n'kukulanso munagwiritsa ntchito lamulo la Bernoulli, lonena kuti liwiro la madzi likakwera pulesha imatsika ndipo liwiro likatsika pulesha imakwera, n'kupeza kuti pulesha yonse imabwerera, koma aphunzitsi anu sanachonge yankholo. Tsopano mukukayikira ngati maphunzirowa ndi anu.

Musataye mtima, chifukwa masamu anu sanalakwike. Chasowa ndi mfundo imodzi. Lamulo limene Daniel Bernoulli anafalitsa mu 1738 limaganizira madzi oyenda popanda kukhulana kulikonse, pamene madzi enieni akapanikizidwa n'kumasulidwa mwadzidzidzi amawinduka ndi kuzungulirazungulira m'makona, ndipo mphamvu imene yapita m'kuzungulirako imasanduka kutentha, sibwereranso.

Tiyerekeze paipi ya mamilimita 50 m'mimba mwake imene yatsika kufika pa 25. Malo odutsa madzi achepa kanayi, choncho madzi amene amayenda mita imodzi pa sekondi tsopano akuyenda mamita 4. Tengani theka la kulemera kwa madzi, kumene ndi makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita, muchulukitse ndi liwirolo kawiri (500 × 4 × 4), ndipo mupeza 8,000 Pa (Pa ndi pascal, muyeso wa pulesha). Nambala imeneyi mumaichulukitsa ndi K, imene imayimira kaumbidwe ka malowo. Polowera pochepa mwadzidzidzi chotere K amakhala pafupifupi 0.375, ndiye mwataya 3,000 Pa. Potulukira ndi pamene ophunzira ambiri amaiwala, chonsecho ndi pamene pamatayika zambiri: malinga ndi lamulo la Borda ndi Carnot mumagwiritsa ntchito kusiyana kwa liwiro, kumene pano ndi mamita 3 pa sekondi (4 kuchotsa 1), ndipo zimapereka 4,500 Pa (500 × 3 × 3). Zonse pamodzi ndi 7,500 Pa, musanawonjezere kukhulana kwa madzi ndi khoma la paipi.

Ndimalimbikira mfundo imeneyi chifukwa injiniya amene waiphonya amasankha pampu yochepa mphamvu, kaya ndi m'ntchito za madzi, za mafuta kapena m'fakitale ya mankhwala, ndipo olemba ntchito amafuna munthu wodziwa kuyerekeza mwachangu asanatsegule kompyuta.

Sabata ino pemphani aphunzitsi anu akuloleni kuyeza pulesha pa chipangizo cha Venturi (paipi yochepa pang'onopang'ono n'kukulanso pang'onopang'ono) ndi pa orifice (chitsulo chokhala ndi bowo pakati, choikidwa m'paipi) m'labotale, ndipo muyerekeze manambala anu ndi zimene mwaona. Muonetsetsenso nthawi zonse kuti K amene mwatenga m'buku akugwirizana ndi liwiro la paipi yaing'ono kapena la yaikulu.