Za spherical bearing pa trailing arm ya BMW E46

Achimwene, mwafunsa ngati mungachotse mabushi a labala akumbuyo pa E46 yanu n'kuikapo spherical bearing (mpira wachitsulo wotembenuka mkati mwa mphete yachitsulo), komanso ngati makaniko wamba angaithe ntchitoyi. Angaithe, bola akhale ndi pulesi kapena chokokera mabushi cha bawuti yaitali. Wa nyundo musamupatse galimoto.

Yambirani pa bushi ya kutsogolo kwa trailing arm (mkono wachitsulo wogwira tayala lakumbuyo), ija amati RTAB. Ikatha imeneyi, toe (komwe matayala aloza, mkati kapena kunja) imasinthasintha ndipo galimoto imavina kumbuyo mukaponda mafuta potuluka pakona. Bulaketi yake imagwira bodi ndi mabawuti 3, ndipo toe amaikonzera pomwepo, choncho musanamasule lembani ndi penti pomwe yakhala. Masulaninso kogwirira paipi ya mabuleki, apo ayi arm ikatsika iikoka.

Bushi yakale ikatuluka, palani dzimbiri m'bowomo ndi sandipepa wosalala, osalikulitsa. Bearing igone mu freezer kuti ichepeko pang'ono. Polowetsa, kankhani mphete yakunja yokha. Ambiri amaonongera apa: amatsamiritsa soketi pa mpira wapakati, mphamvu yonse n'kuphwanya kansalu koterera ka PTFE kamkati, bearing yatsopano n'kuyamba kugogoda. Ikayamba kulowa mopendekeka, itulutseni muyambirenso. Ngati kiti yanu ili ndi circlip (kamphete kotsekera bearing kuti isatuluke), onetsetsani kuti yakhala mumzere wake mbali zonse. Mpira uzitembenuka molimba koma osakakamira. Ukakaniratu ndiye kuti bowo laufinya. Ma spacer a mbali ziwiri musawaiwale, ndiwo amaupatsa malo opendekekera. Girisi ayi, amangoitana fumbi.

Labala amafuna kumangidwa ali momwe amakhalira galimoto ikaima pa matayala, koma spherical mutha kumanga ili pa jeke, ndi torque wrench. Mukatha, kapangitseni alignment ya matayala onse 4.

Koma ganizani bwino. Labala uja ndi amene amameza phokoso ndi kugunda kwa maenje. Akachoka, zonsezo zimafika pa bodi, ndipo E46 imadziwika kale ndi kung'aluka pomwe subframe yakumbuyo (chitsulo chonyamula diff) imamangidwira. Yang'anani pamenepo ndi tochi musanagule chilichonse. Fumbi ndi matope zimadyanso bearing yosaphimba msangamsanga, ndiye sankhani yokhala ndi seal. Ngati ndi galimoto yopitira kuntchito, osati ya mpikisano, ikani bushi yatsopano ya labala pamodzi ndi ma limiter (mphete zoika mbali ziwiri za bushi kuti isasunthe kwambiri), toe isiya kuthawa.