Mafunso a pa kompyuta pofunsira ntchito ku Joni: amayeza chiyani kwenikweni?

Mayi wina wa ku Rosettenville, kwawo ku Dedza, watilembera imelo. Anafunsira ntchito ya ukapitawo pa nyumba ina yosungira katundu ku City Deep. Intaviyu inayenda bwino, kenako anawatumizira linki yoti ayankhe mafunso a Chingelezi oposa 100, ena ooneka ngati obwerezabwereza. Patatha sabata anauzidwa kuti sanatengedwe. Akufunsa kuti: "Kodi amafuna kuona ngati mutu wanga ukuyenda bwino? Nanga ndikanayankha zongowasangalatsa, akanandigwira?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mayeso a khalidwe ali m'magulu awiri, ndipo amene munalembawo si a matenda a maganizo. A kuchipatala ndi monga MMPI, amene Starke Hathaway ndi J.C. McKinley anatulutsa ku Minnesota mu 1943. MMPI-2 ya 1989 ili ndi ziganizo 567 zoyankha kuti "zoona" kapena "zabodza", pomwe MMPI-3 ya 2020 ili ndi 335. Amenewa amagwiritsidwa ntchito ndi saikolojisiti (katswiri wa zamaganizo) kuchipatala, pa milandu ya kukhoti, kapena pa ntchito zoopsa monga zonyamula mfuti, ndipo ngakhale kumeneko sapereka chigamulo paokha popanda kucheza ndi munthuyo ndi kumva mbiri yake.

A kuntchito ndi ena: 16PF ya Raymond Cattell, OPQ32, kapena Basic Traits Inventory yomwe inapangidwa konkuno ku South Africa. Ambiri amazungulira pa mbali zisanu za khalidwe: kuchita zinthu mwadongosolo mpaka kumaliza, kumasuka pagulu, kumvana ndi anzanu, kusatekeseka msanga zinthu zikavuta, ndi kukonda zatsopano. Kafukufuku wa Barrick ndi Mount wa mu 1991 anapeza kuti mbali yoyambayo, ya dongosolo, ndi imene imagwirizana ndi kagwiridwe ka ntchito pafupifupi pa ntchito zamtundu uliwonse. Koma kugwirizanako ndi kochepa ndithu. Kampani yosiya munthu chifukwa cha mafunso amenewa okha, osayang'ana luso lake ndi maumboni a komwe anagwirako, ikulakwitsa.

Palibe kukhoza kapena kulephera monga pa mayeso a MSCE. Mayankho anu amawonkhetsedwa, kenako amayerekezedwa ndi a gulu la anthu ena omwe analemba kale. Zotsatira nthawi zambiri zimaikidwa pa sikelo ya 1 mpaka 10, ndipo anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse amagwera pa 5 kapena 6. Kupeza 3 pa kumasuka pagulu kumangotanthauza kuti ndinu wofatsa kuposa ambiri a m'gulu lija. Ndiye funso lofunika ndi lakuti: gulu lake ndi la ndani? Ngati ndi la anthu amene Chingelezi anachiyamwira, kukuyezani pa iwo n'kukondera.

Taonani chiganizo ichi, chochokera m'nkhokwe yaulere ya mafunso yotchedwa IPIP: "Seldom feel blue." Mawu atatu okha, misampha iwiri. Loyambalo likutanthauza "si kawirikawiri", choncho chiganizo chonse chatembenuzika. Lomalizalo si mtundu wa chitenje, ndi kukhumudwa. Munthu amene Chingelezi chake ndi cha m'kalasi ndi cha kuntchito akhoza kukana chiganizochi pomwe amafuna kuvomera, ndipo lipoti lidzamuonetsa ngati wosakhazikika mtima. Zikachitika kasanu kapena kakhumi, sikelo yonse yapotoka.

Palinso ulemu wathu womwe. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama. Funso likati "ndimakonda kutsogolera anzanga", ambiri a ife timasankha yankho la pakati ngakhale timayendetsa chipereganyu cha anthu 20 komanso komiti ya maliro. Pa ntchito ya ukapitawo, kudzichepetsa koteroko kumawerengedwa ngati kusowa mphamvu zotsogolera. Ena amangovomera chilichonse monga momwe timanenera "inde bwana", ndipo mayankho amayamba kutsutsana. Akatswiri a kuno amalidziwa vutoli. Ntchito ya South African Personality Inventory, momwe munali Deon Meiring ndi Fons van de Vijver, inafunsa anthu m'zilankhulo 11 za dziko lino momwe amafotokozera khalidwe la anzawo, ndipo inapeza kuti nkhani za ubale, monga kuthandiza ena ndi kusunga mtendere, zimatenga malo aakulu kuposa m'mayeso ochokera kunja. Chichewa sichinali pa mndandandawo.

Za kuwasangalatsa zija, inde, nthawi zambiri zimaoneka. Mafunso obwereza aja amaona ngati mukuyankha mofanana. Muli ziganizo zina zonga "sindinanamepo chibadwire", ndipo wovomera zambiri zotere amakwera pa sikelo yoonetsa kuti akudzikometsera. OPQ32 yatsopano imakupatsani ziganizo zitatu, zonse zabwino, kuti musankhe chokuyenerani kwambiri ndi chokuyenerani pang'ono, choncho simungakhale wabwino pa zonse. Wowerenga zotsatira akaona kuti mukudzikometsera kapena mayankho akutsutsana amalemba kuti zotsatira n'zosadalirika, ndipo mwayi umathera pomwepo.

Ulendo wina, musayankhire pa foni muli mu taxi ya ku Bree. Pezani kompyuta ndi malo achete kwa mphindi 45. Mafunso a khalidwe kawirikawiri sawerengera nthawi monga a masamu, choncho werengani chiganizo chilichonse kawiri, makamaka chokhala ndi mawu okana. Yankhani monga mmene mumakhalira pa ntchito tsiku wamba, osati kutchalitchi kapena pamaso pa apongozi. Musabisale pa yankho la pakati. Musapatse mwana wanu wa ku yunivesite kuti akuyankhireni, chifukwa lipotilo lidzakhala lake, ndipo pa intaviyu yotsatira adzakufunsani za munthu amene simukumudziwa. Musanayambe, uzani woyang'anira mayeso kuti Chingelezi si chilankhulo chanu choyamba, kuti azilembe.

Lamulo lili kumbali yanu kuposa momwe ambiri amaganizira. Gawo 8 la Employment Equity Act ya 1998 limaletsa mayeso a zamaganizo pa ntchito pokhapokha atatsimikizidwa mwasayansi kuti amayezadi chomwe akunena ndipo ndi odalirika, angagwiritsidwe ntchito mwachilungamo kwa onse, ndipo sakondera munthu kapena gulu lililonse. Gawo 9 likuti wofunsira ntchito nayenso amatetezedwa, ndipo gawo 6 limatchula chilankhulo pa zifukwa zomwe munthu sayenera kusalidwa nazo. Pansi pa Health Professions Act ya 1974, mayeso a zamaganizo amayenera kukhala m'manja mwa munthu wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, monga saikolojisiti kapena psychometrist (katswiri woyendetsa mayeso otere), ndipo dzina lake mungalifufuze pa kaundula wa bungweli pa intaneti.

Lemberani a HR, ofesi yolemba anthu ntchito pakampanipo, kalata yaifupi yaulemu. Funsani dzina la mayesowo, dzina ndi nambala ya HPCSA ya amene anawamasulira, gulu lomwe anakuyerekezani nalo, ndi tsiku loti akufotokozereni zotsatira. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, limakupatsaninso ufulu wofunsa zomwe kampani ikusunga zokhudza inu. Akakuuzani kuti anagwiritsa ntchito MBTI, ija yogawa anthu m'mitundu 16, dziwani kuti eni ake omwe amanena kuti si yosankhira anthu ntchito. Mukaona kuti chilankhulo ndicho chinakugwetsani, dandaulo la tsankho limapita ku CCMA, bungwe lomva mikangano ya pa ntchito, pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku lomwe zinachitika, ndipo sungani imelo yokukanani ija chifukwa ndi imene ikuonetsa tsikulo.