Mafunso ndi Mayankho: Kuti ntchito ya amayi yolimbana ndi mowa isazime kuno ku Joni

Makalata a mwezi uno achokera kwa amayi a m'magulu a mpingo amene akulimbana ndi uchidakwa m'makomo ndi m'madera awo kuno ku Johannesburg. Mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndine mlembi wa amayi a Chigwirizano pampingo wathu. Chaka chatha tinayamba ntchito yolimbana ndi mowa titaperekeza maliro a mnyamata wakwathu amene anabayidwa pa shabini. Tinayamba tilipo 30, tikusala kudya ndi kuyenda m'makomo. Lero tikaitana msonkhano sitikwana ndi 6 omwe. Talakwitsa pati? Mlembi, Rosettenville.

YANKHO: Mayi, pepani ndi maliro aja. Simunalakwe kuyamba ndi misozi, koma ntchito yoyamba ndi chisoni imakhala ngati moto wa mapesi: umalilima msanga, n'kuzimanso msanga ngati palibe woika chikuni. Zimenezi zinaonekanso kumene ntchito yotereyi inayambira. Mu December 1873, amayi a ku Hillsboro m'chigawo cha Ohio ku America anayamba kukagwada ndi kupemphera pamakomo a mabala mpaka eni ake kutseka. Zinafalikira m'matauni ambiri, koma pasanapite nthawi mabala ochuluka anatsegulidwanso. Chimene chinakhalitsa ndi bungwe limene amayiwo anakhazikitsa ku Cleveland mu 1874, la Woman's Christian Temperance Union. Frances Willard atakhala mtsogoleri wake mu 1879, anagawa ntchito m'zigawozigawo: ena kuphunzitsa ana m'sukulu, ena kuyendera akaidi, ena kulembera akuluakulu a boma. Membala ankavala kansalu koyera pachifuwa ndipo ankapemphera nthawi ya 12 koloko masana kulikonse kumene ali. Bungweli linafika ku Cape mu 1889. Onani kuti mayi aliyense anali ndi kantchito kake koti angathe, ngakhale tsiku limene mtima wake sukuyaka.

Amayi ochepa amene atsalawo ndi okwanira. Choyamba onani nthawi ndi thiransipoti, chifukwa kuno n'zimene zimapha magulu kuposa kufooka kwa chikhulupiriro. Ambiri mwa amayi athu amagwira ntchito za m'nyumba, ena amagona komweko, ndipo tsiku lopuma ndi Lamulungu lokha. Mayi wa ku Cosmo City sangakwere matekisi awiri pakati pa sabata kuti akafike ku Rosettenville. Kumanani kamodzi pamwezi, ola limodzi, mapemphero akangotha, ndipo ola likakwana tsekani ngakhale nkhani ikukoma. Sankhani Lamulungu loyandikira kutha kwa mwezi, malipiro asanalowe, popeza mowa umavuta kwambiri anthu akangolandira.

Kenako gawanani awiriawiri malinga ndi kumene mukukhala, ndipo awiri alionse atenge makomo awiri okha. Aziyendera khomo lililonse kamodzi pa milungu iwiri, masana, munthuyo asanamwe. Kulankhula ndi woledzera n'kutaya mawu, ndipo nthawi zina mungavulazidwe. Mlembi akhale ndi kaundula wolembamo tsiku, chimene chinachitika ndi chimene chatsala, koma m'malo mwa dzina alembe nambala. Nkhani ya khomo la munthu ikangotuluka pa gulu la WhatsApp, makomo onse adzakutsekerani. Ndipo oyamba kuthawa gulu amakhala amayi amene amuna awo amamwa, omwe ndi amene mukuwafuna kwambiri. Pemphero la pagulu lotchula dzina la mwamuna wa mnzanu limamuchititsa manyazi mkaziyo, ngakhale mutalipereka ndi mtima wabwino.

Sonkhani kandalama kochepa, kaya ndi R20 aliyense pamwezi, ndipo kagwire ntchito imodzi: kulipira tekisi ya munthu wopita ku kiliniki kapena ku msonkhano wa Alcoholics Anonymous (gulu la anthu othandizana kusiya mowa) pamodzi ndi womuperekeza. Miyezi itatu iliyonse perekani lipoti lalifupi kwa abusa ndi akulu a mpingo, kuti ntchitoyi ikhale ya mpingo wonse, osati ya mayi mmodzi wolimba mtima amene akabwerera kumudzi zonse zimathera pomwepo. Wapampando azisinthidwa chaka ndi chaka pa chifukwa chomwecho.

Pa za lonjezo losiya mowa, ife timalangiza kuti munthu alonjeze masiku 30 poyamba, kenako 90, m'malo molumbira za moyo wonse pamaso pa mpingo. Kuyambiranso kumwa kumachitika kwa ambiri amene akusiya, ndipo wolumbira pagulu akagwa amachita manyazi n'kusiya kubwera kutchalitchi. Komanso muwerengereni ndalama papepala. Tiyerekeze kuti botolo lalikulu la 750 ml ndi R25, ndipo amamwa anayi Lachisanu, anayi Loweruka, anayi Lamulungu. Imeneyo ndi R300 pa sabata, R15,600 pa chaka. Bambo amene ulaliki sumugwira mtima nthawi zina amakhala chete akaona kuti malata a nyumba yake ya ku Mangochi kapena ku Mzimba anathera m'botolo. Mugwirizane naye kuti tsiku la malipiro ayambe watumiza ndalama kumudzi ndi kulipira lendi asanafike kwa anzake. Musaiwalenso kuti Loweruka masana ndi lalitali kwa mwamuna wokhala m'kachipinda kamodzi kutali ndi abale. Pemphani abambo a mpingo akonze mpira, bawo kapena kwaya pa nthawi imeneyo.

FUNSO: Bambo a kunyumba amamwa tsiku ndi tsiku, m'mawa manja amanjenjemera mpaka atamwako. Mnzanga wandiuza kuti pali mankhwala othira m'chakudya mobisa kuti azisanza akamwa. Amayi ena akuti tiwatsekere m'nyumba masiku atatu tikusala ndi kupemphera. Nditsate ziti? Mayi wa Mvano, Diepsloot.

YANKHO: Mayi, musatsate chilichonse mwa ziwirizi. Zonse zikhoza kukuphetsani amuna anu.

Mankhwala amene mnzanuyo akunena alipodi, dzina lake ndi disulfiram, ena amati Antabuse. Amalepheretsa thupi kugaya mowa mpaka pamapeto, choncho munthu akamwa, poizoni amaunjikana m'magazi: nkhope imatentha, mutu umawawa, amasanza, mtima umathamanga ndipo magazi amatha kutsika mphamvu mpaka kukomoka. Adokotala amapereka mankhwalawa kwa munthu yekhayo amene wavomera, wayezedwa mtima ndi chiwindi, ndipo akudziwa kuti sayenera kulawa mowa. Wopatsidwa mobisa amamwa monga mwa masiku onse, ndipo ngozi yake ili pamenepo. Ufa ndi mizu yogulitsidwa m'misewu yoti imasiyitsa mowa ndi yoopsanso, chifukwa simudziwa zimene zili m'katimo.

Kunjenjemera kwa m'mawako kukusonyeza kuti thupi lawo linazolowera mowa. Mowa umafooketsa ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku lililonse umazolowera kugwira ntchito mwamphamvu kuti ulimbane nawo. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, mphamvu ija imatsala yopanda choiletsa. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, nseru ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba akhoza kugwa ndi kuphupha ngati wakhunyu. Tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonekera mutu, kutentha thupi, kubwebweta ndi kuona tizilombo pakhoma. Tikupemphani ndithu, amayi opemphera: zimenezi si ziwanda zikutuluka. Ndi matenda amene amapha, ndipo munthu wotero athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Njira yoyenera ndi iyi. Lankhulani nawo m'mawa ali bwino, mutchule zimene mwaziona ndi maso, monga kunjenjemera ndi masiku amene ajomba kuntchito, osati kuwatcha chidakwa. Akavomera, pitani nawo ku kiliniki ya boma ndipo auze anamwino zoona zake: amamwa chiyani, mabotolo angati, kwa zaka zingati, ndiponso ngati anagwapo atasiya. Achipatala ali ndi mankhwala okhazika thupi m'masiku oyambawo, amene amawachepetsa pang'onopang'ono, ndiponso vitamini B1 woteteza ubongo. Pomwe akudikira tsiku lokaonana ndi achipatala, asasiye mwadzidzidzi. Azichepetsa ndi kudya mokwanira. Uphungu wopitirira ungapezeke ku SANCA, bungwe lothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo limene lili ndi nthambi kuno ku Johannesburg. Misonkhano ya Alcoholics Anonymous ndi yaulere ndipo safunsa mapepala. Inuyo muli ndi Al-Anon, gulu la achibale a anthu omwa. Ngati amuna anu ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB, asadumphe mankhwala tsiku limene amwa mowa, monga ambiri amachitira poopa kusakaniza. Auzeni achipatala kuti aziwayeza chiwindi.

Kusala ndi kupemphera pitirizani, koma wosala akhale inu ndi anzanu, osati wodwalayo. Ndipo ngati akamwa amakumenyani, musadikire kuti asiye mowa. Lamulo la dziko lino la 1998 lokhudza nkhanza za m'banja limalola aliyense, mlendo yemwe, kukapempha chikalata chomuteteza ku khoti la majisitireti, popanda kulipira.

FUNSO: Pafupi ndi holo imene timapempherera akufuna kutsegula malo omwera mowa. Kodi ife alendo tingaletse? Ambiri tikuopa za mapepala. Mayi wa Dorika, Turffontein.

YANKHO: Mungathe kutsutsa, Mayi, koma changu n'chofunika. M'chigawo cha Gauteng ziphaso za mowa zimaperekedwa ndi Gauteng Liquor Board motsatira lamulo la 2003. Wopempha chiphaso amayenera kulengeza m'nyuzipepala ndi mu gazeti ya chigawo, ndipo wotsutsa ali ndi masiku 21 oti apereke kalata yake, n'kupatsanso wopemphayo kope. Magulu ambiri amamva mochedwa, masikuwo atadutsa. Choncho lero lomwe pitani kwa khansala wa dera lanu kapena kwa wapolisi woona za ziphaso za mowa pa polisi yanu, mufunse ngati pempho laperekedwa kale ndi tsiku lake.

M'kalatamo musalembe kuti mowa ndi tchimo. A bungwelo sagamula za tchimo, ndipo kalata yotero imangoikidwa pambali. Lembani zimene lamulo limayang'ana. Lamuloli limatchula mtunda wa mamita 500 kuchokera pa nyumba yopemphereramo, pa sukulu, pamalo okwerera basi kapena tekisi ndi pamalo ena ogulitsa mowa. Yezani mtundawo pa mapu a pafoni, jambulani, lembani maola amene mumapemphera, ana angati amabwera, ndi mabala angati alipo kale mumsewumo. Mtundawu suletsa chiphaso pawokha, koma ndi mfundo yamphamvu. Pa za mapepala, kalata ilembedwe m'dzina la mpingo, asayine abusa kapena mwini holoyo, ndipo muitane aneba a konkuno, komiti ya sukulu yapafupi ndi amayi a Manyano a mipingo ya eni dziko, amene amakumana Lachinayi. Nkhondoyi eni dziko akuidziwa bwino: ana a sukulu a ku Soweto anatentha maholo a mowa a boma mu 1976, ndipo imfa ya achinyamata 21 pa bala ya Enyobeni ku East London mu June 2022 idakali m'mitima ya makolo.

Malowo akatsegulidwabe, sungani kabuku kolembamo tsiku ndi ola limene apitirira nthawi yotsekera, phokoso, kapena kugulitsa kwa ana osakwana zaka 18. Madandaulo a masiku olembedwa amamveka kuposa kungoti akutisowetsa mtendere. Musalowemo nokha kukakangana ndi mwini wake.

FUNSO: Mng'ono wanga ndi woyembekezera, miyezi inayi. Amamwa timabotolo totsekemera ta saida Loweruka lokha, akuti si mowa weniweni. Nkhawa yanga ndi yoona? Mkulu wake, Yeoville.

YANKHO: Ndi yoona, Mayi. Saida ali ndi mphamvu yofanana ndi mowa wamba wa m'botolo, wina kuposerapo. Shuga ndi amene amabisa ukali. Mowa umadutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana, ndipo chiwindi cha mwanayo sichinakhwime koti n'kuugaya. Ubongo wake umakula miyezi yonse 9, choncho palibe mwezi umene kumwa kuli kopanda ngozi, ndipo kumwa mabotolo angapo tsiku limodzi n'koopsa kwambiri. Mwana wovulazidwa ndi mowa ali m'mimba amatha kubadwa wochepa thupi, kuchedwa kulankhula ndi kuvutika kusukulu moyo wake wonse, ndipo vutoli silichiritsika. South Africa ndi limodzi mwa mayiko amene vutoli ndi lalikulu kwambiri, makamaka m'madera a minda ya mphesa ku Western Cape kumene kale antchito ankalipidwa ndi vinyo.

Musamuopseze ndi zimene zadutsa, chifukwa mantha amachititsa atsikana kubisa ndi kuthawa sikelo. Muuzeni kuti kusiya lero kumathandizabe mwanayo, mumuperekeze ku sikelo ndipo auze anamwino kuchuluka kwa zimene wakhala akumwa. Loweruka likafika mukhale naye, mumukonzere thobwa la tsiku lomwelo losasasa, ndipo mupemphe bambo a mwanayo kuti asabweretse mowa m'nyumba mpaka atachira ndi kumaliza kuyamwitsa.