Alamu, musanaode kanthu bwerani mudzakhale kaye pa Lizulu

Alamu, uthenga wanu ndauona. Mukuti ndalama za banki m'khonde mwalandira, ndiye mukufuna kudziwa kuti geni yodutsa malireyi imayenda bwanji, muode chiyani, mukagulitse kuti. Ndikuuzani zonse, koma ndalamazo zimangeni kaye pansonga ya chitenje. Masabata atatu oyamba muzingobwera kudzakhala pambali panga pa Lizulu, osagula kanthu.

Kuwoloka kwenikweniko si nkhani yovuta. Kwathu kuno malire ndi msewu wa M1 womwewu: ukaima pa Lizulu, mbali ino ndi Malawi, mbali iyo ndi Mozambique, ndipo anthu a ku Angonia timamvana nawo Chichewa chomwechi, ena ndi abale athu enieni. Katundu wolembetsa amadutsira pachipata cha Dedza, chimene tsidya linalo amachitcha Calomue, kapena pa Biriwiri. Mumaonetsa chiphaso, mumaulula katundu kwa a MRA, mumalipira msonkho, lisiti n'kusunga pabwino. Za njira zamadulira musandifunse. Ndaona amayi akugubuduka pansi katundu atalandidwa, mpamba wa zaka zitatu utapita m'mawa umodzi.

Pamene pagona geni ndi pa kudziwa zimene anzako akuchita, iwo asanadziwe zako. Tonsefe timagula kachewere yemweyo wa ku Tsangano, nyemba zomwezo, mafuta ophikira omwewo a ku Ulongue, tawuni ya ku Angonia. Wopeza phindu ndi amene wamva msanga kuti lero katundu asapite kwakuti.

Ine ndimafika pamsika kusanache. Sindiyamba ndi kufunsa mitengo ayi, ndimaima pamene pakukwezedwa matumba n'kumawerenga. Ndikaona malole atatu adzaza kachewere, onse akuloza ku Lilongwe, ndimadziwa kuti mawa kumsika wa kumeneko mtengo ugwa, wanga ndimamutembenuzira ku Blantyre kapena ku Balaka. Anyamata okweza katundu aja musawapeputse. Iwo ndi amene amadziwa kuti mayi uje waoda matumba angati, wagula kwa mlimi uti, walipira zonse kapena watenga pangongole. Ndimawagulira tiyi ndi mandasi, ndimawafunsa za ana awo, akadwala ndimakawazonda. Nkhani zimatuluka zokha, osachita kukumba. Madalaivala a mathiraki ochokera ku Tete nawo ali ndi zawo. Kumapeto kwa 2024, zionetsero zitabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho, ife tinkamva kwa iwowa kuti msewu lero ukudutsika kapena ayi, wailesi isananene.

Ndiye pali kope langa lija mumaliona nthawi zonse, lachikuto chothimbirira ndi mafuta. Tsiku lililonse ndimalembamo mtengo wa thumba pano, mtengo umene mng'ono wanga wandiuza pafoni kuchokera ku Limbe, ndi mmene metikali, ndalama ya ku Mozambique, ikusinthira ndi kwacha. Chachitatuchi ndiye mtima wake. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anangopitiriza kugulitsa pamtengo wakale anasangalala kuti katundu watha msanga, koma atabwerera kukaoda anapeza ndalama yawo ikugula makatoni ochepa kuposa aja anagulitsa. Choncho musamafunse kuti ndinagula zingati. Muzifunsa kuti ndikabwerera ndikagula zingati.

Koma si zonse zimene mwamva zili zoona, ndipo apa ndi pamene ndinapsa ine. Chaka china pagulu lathu la WhatsApp wina analemba kuti nyemba zasowa ku Blantyre, mtengo wakwera zedi. Sindinaimbire munthu. Ndinathamanga n'kuoda matumba 20, ena ndi ndalama yobwereka. Nditafika ndinapeza aliyense amene anawerenga uthengawo ali pomwepo ndi nyemba zake, ogula akungotiyang'ana n'kumatchula okha mtengo. Ndinagona masiku anayi pamatumba, udzudzu ukundidya, mapeto ake ndinagulitsa motaya kuti ndingopeza yobwererera. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa mwana wanga anakhala pakhomo teremu imeneyo. Kuyambira pamenepo nkhani ya mtengo ndimaitsimikiza kwa anthu awiri osadziwana, mmodzi wogulitsa, wina wogula. Ndipo uthenga umene wafika pagulu la anthu 100 ndimautenga kuti ndi wakale kale.

Muziyendanso m'minda. Ukakwera kabaza kulowa m'midzi ya Tsangano n'kuona kachewere wachita maluwa dimba ndi dimba, wadziwiratu kuti pakapita milungu ingapo adzasefukira pamsika. Ukaona masamba akuda ndi chiwawu mvula itachuluka, ndi nthawi yopangana ndi mlimi amene wake wapulumuka, adobadoba asanamupeze. Alimi ena ndimawapatsiratu ndalama ya feteleza, pokolola amayamba kuimbira ine.

Kumbukirani kuti monga inu mukuwerenga matumba a anzanu, iwonso akuwerenga anu. Dzina la amene amakupikulitsani ku Ulongue musalitchule m'minibasi. Kasitomala wanu wa lesitilanti musamamutumizire katundu ndi mnyamata aliyense. Komabe pali malire amene ine sindidumpha. Kuona ndi maso, kufunsa, kucheza, palibe cholakwika. Koma kutsegula foni ya mnzako, kupatsa wantchito wake ndalama kuti akuululire zinsinsi, kapena kufalitsa bodza kuti anthu athamangire kolakwika, zimenezo ayi. Msika uno ndi waung'ono, alamu. Mayi amene mukupikisana naye lero ndi yemweyo adzakuyang'anirani katundu mawa mukathamangira kumaliro, ndipo ndi yemweyo mudzagawana naye mtengo wa lole.

Loweruka lino kwerani minibasi yoyamba pa boma la Ntcheu, mundipeze pamene timakwezera kachewere. Mutenge kope latsopano, cholembera, ndi juzi yokhuthala, chifukwa m'mawa pa Lizulu kumazizira mpaka zala kuuma. Tsiku limenelo ntchito yanu ikhala yowerenga malole ndi kulemba kumene lililonse lalowera, madzulo tidzakhale pansi tione ngati mwaona zimene ndaona ine.