Kodi domain yachiwiri ingakweze webusaiti ya bizinesi yanga pa Google?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili ndi bizinesi yogulitsa ndi kuika zipangizo za sola, ndipo webusaiti yathu, yomwe ili m'dzina la kampani, yatha zaka zinayi tsopano. Chondidandaulitsa n'chakuti munthu akafufuza malonda athu pa Google, ife timapezeka patsamba lachiwiri kapena lachitatu, kumene anthu ambiri safikako. Mnzanga wandilangiza kuti ndigule domain ina (dzina la adiresi ya webusaiti) yokhala ndi mawu enieni amene anthu amalemba pofufuza, ndiikepo nkhani zomwe zili pa webusaiti yakale, kenaka ndiike malinki olozera ku webusaiti yakaleyo. Kodi nzeru imeneyi ndi yothandiza? Ine wowerenga wanu.

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Domain yachiwiriyo mukhoza kugula, koma ndikukupemphani kuti musamangepo webusaiti ina yofanana ndi yoyamba, chifukwa m'malo mowonjezera mphamvu mudzagawa mphamvu imene muli nayo kale.

Mnzanuyo sananame kwenikweni, kungoti akunena za nthawi imene inapita. Kale zinkathekadi kuti webusaiti yopanda nkhani zaphindu ikhale pamwamba chabe chifukwa dzina lake linali lofanana ndi mawu amene anthu akufufuza. Mu September 2012 Google inasintha kasanjidwe ka zotsatira ndi cholinga chotsitsa mawebusaiti otere, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo, mu April chaka chomwecho, inali itayamba kale kulimbana ndi malinki opangidwa mwachinyengo kudzera m'kusintha kumene kunatchedwa Penguin. Mu 2015 inalimbitsanso nkhondo yake ndi masamba otchedwa doorway pages, omwe ntchito yawo ndi kungokopa munthu kuti amupititse kwina, ndipo zimene mnzanuyo wafotokoza zikufanana kwambiri ndi masamba amenewa.

Kuti mumvetse chifukwa chake, kumbukirani kuti chimodzi mwa zinthu zimene Google inayambira pa chiyambi pake mu 1998 ndi njira yotchedwa PageRank, imene imaona linki ngati umboni wakuti wina akuvomereza tsamba linalake. Umboniwo umalemera malinga ndi mbiri ya amene akuupereka. Domain imene mwagula dzulo ilibe mbiri, palibe aliyense amene akuilozera, choncho linki yochokera kumeneko ili ngati munthu amene akudzichitira yekha umboni pabwalo la milandu. Kuti linkiyo ikhale ndi phindu, muyenera kuyamba mwavutikira webusaiti yatsopanoyo mpaka anthu ena aidziwe ndi kuilozera, ndipo thukuta limenelo likanapindula kwambiri mukanalikhetsera pa webusaiti ya zaka zinayi ija. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano mawuwa akugwira ntchito ndithu: nyuzipepala ikafuna kukutchulani idzalozera uku, kasitomala wokhutira adzalozera uko, ndipo mawebusaiti onse awiri adzakhala ofooka.

Za kukopera nkhani, dziwani kuti Google ikapeza masamba awiri ofanana kawirikawiri imasankha limodzi n'kubisa linzake. Chimenechi si chilango, koma palibe chimene mwapindula, ndiponso mwina tsamba limene lasankhidwa silikhala limene inuyo mumafuna.

Pali zifukwa zabwino zogulira domain yachiwiri, ndipo sindikufuna kuti muzinyalanyaze. Ngati dzina la kampani yanu anthu amakonda kulilemba molakwika, kapena muli ndi dzina lothera pa .com koma mukuopa kuti wina angatenge lomwelo lothera pa .net n'kumasokoneza makasitomala anu, kapenanso mukufuna dzina lalifupi losavuta kulitchula pa wailesi ndi kulilemba pa galimoto ya kampani, gulani ndithu. Mukatero, uzani amene amasamalira webusaiti yanu kuti aike chimene amachitcha 301 redirect, chomwe chimachititsa kuti aliyense wolemba dzina latsopanolo afike mwachindunji pa webusaiti yanu yaikulu, komanso chimauza Google ndi Bing (njira ina yofufuzira pa intaneti) kuti adiresi yokhazikika ndi imodzi yokha. Musayembekezere kuti zimenezi zikukwezani pamndandanda, poti domain yopanda malinki ilibe choti ipatsire inzake. Ntchito yake ndi kuteteza dzina lanu ndi kusonyeza anthu njira. Ndipo musaiwale kuilipirira nthawi yake ikakwana, chifukwa ikatha wina akhoza kuitenga pamene dzinalo likadali pa zikwangwani zanu.

Mwina wina adzakuuzani kuti mugule domain yakale imene mwini wake anaisiya, yomwe ili kale ndi malinki ambiri. Apa chenjerani kwambiri. Mu March 2024 Google inalengeza kuti kugula domain yotere n'kuikapo nkhani zopanda phindu pofuna kudyerera mbiri yake ndi kuphwanya malamulo ake, ndipo webusaiti yochita zimenezi ikhoza kutsitsidwa kapena kuchotsedwa m'zotsatira. Nkhani imasiyana ngati mwaguladi bizinesi ina ya sola pamodzi ndi webusaiti yake. Pamenepo n'koyenera kulumikiza tsamba lililonse lakale ndi tsamba lanu lokamba nkhani yofanana, osati kuwakankhira onse patsamba loyamba.

Webusaiti yachiwiri yoima payokha imayenera pokhapokha ngati ili ndi anthu akeake, mwachitsanzo mutatsegula sukulu yophunzitsa amisiri a sola yokhala ndi dzina lake ndi antchito ake. Ngati cholinga chanu ndi kungopezeka anthu akalemba mawu ena, mawuwo apatseni malo pa webusaiti yomwe muli nayo. Lembetsani webusaitiyo ku Google Search Console, yomwe ndi yaulere, ndipo mudzaona mawu amene anthu akulemba, malo amene tsamba lililonse likupezeka, ndi kuchuluka kwa amene akudina. Yambani ndi mawu amene mukupezeka nawo patsamba lachiwiri, popeza amenewo ali pafupi kale, ndipo pa funso lililonse limene makasitomala amakufunsani, monga kukula kwa batire yoyenera nyumba kapena zaka zimene panelo imakhala, lembani tsamba lakelake loyankha mokwanira kuchokera pa zimene amisiri anu amakumana nazo pa ntchito.